Agogo ndi a Jailosi Otuluka M'ndende

Ndikamva fungo la malata otentha ndi utsi wa makala, mtima umabwerera ku Sizinda, komboni ya m'dziko la eni kumene ndinakulira, kuseri kwa kanyumba kathu, kumene agogo aamuna ankakhoma ndowa ndi mbaula chipumire ntchito ya njanji. Nyundo inkayamba kulira ife tikusesa pabwalo, ndipo amayi a m'deralo ankabwera ndi mapoto obooka, ena akulankhula Chindebele, ena chosakaniza, agogo n'kumawayankha onse m'Chichewa cha kwawo ku Dedza.

Dzikolo litangolandira ufulu, ine ndili kamtsikana ka zaka khumi, a Jailosi a nyumba yoyandikana nafe anatuluka m'ndende. Anakhalamo zaka zitatu chifukwa chotema munthu ndi botolo ku bawa, atakhuta mowa ndi chamba. Anapeza akazi awo atabwerera kwa makolo ku Njube, atatenga ndi mwana yemwe. Anthu ankawalambalala pamsewu, ndipo mayi anga anatiletsa ngakhale kuwapatsa moni.

Tsiku lachitatu agogo anawaitana pa mpanda.

"Jailosi, anzako aja amayamba nthawi yanji ku bawa?"

"Cha m'ma folo, madala."

"Ndiye folo koloko uzikhala pano. Nyundo ndili nazo ziwiri."

Anayamba kubwera. Agogo ankawathirira tiyi wa shuga wambiri m'kapu yaikulu yachitsulo, ndipo masiku oyambawo manja a a Jailosi ankanjenjemera mpaka tiyi kutayikira pa thalauza. Zikatero agogo ankatembenuka ngati akufuna msomali. Sindinawamvepo akulalikira za mowa. Ankangokamba za mvula ya ku Dedza ndi za sitima zimene ankazidziwa kulira kwake. Chibaba chikawagwira a Jailosi, ankaimirira, thukuta lili kamukamu, maso ali kumsewu. Apo agogo ankati, "Tagwira kaye apa ndikhome," n'kukhoma pang'onopang'ono mpaka munthu uja atakhalanso pansi.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina, a Jailosi anavala malaya osita n'kupita ku Njube kukaona mwana wawo. Apongozi awo anawabwezera pa geti, mwanayo osamuona. Folo koloko inakwana, chitini chimene ankakhalira chili chokha. M'mawa mwake tikupita ku tchalitchi tinawapeza ali gone m'ngalande pafupi ndi nyumba yathu, malaya aja ali matope okhaokha.

"Mwaona, ababa?" anatero mayi anga. "Munthu uyu adzativulazira ana tsiku lina."

Agogo anatunga madzi m'beseni, n'kuwadzutsa kuti asukusule. A Jailosi analira ngati mwana, nkhope ili m'manja.

"Ndakuchititsani manyazi, madala. Ndisabwerenso kwanu."

"Ndowa ya a MaNcube unaisiya yopanda chogwirira," anatero agogo. "Ukufuna aimalize ndani?"

Madzulo ake anabwera, ndipo ndowayo inatha. Chaka chimenecho anagwanso kawiri, ndipo kawiri konseko agogo anawatungira madzi. Kenako zinatha. Sindidziwa tsiku lenileni, ndimangokumbukira kuti nthawi ina ndinaona mayi anga akuwapititsira okha tiyi, ataikapo ndi buledi wopaka majarini, akuwaitana kuti achimwene.

M'kupita kwa nthawi a Jailosi anapeza malo awoawo okhomera pa msika. Akazi awo sanabwerere, koma mwana uja, Esinati, anayamba kubwera patchuthi, ndipo ine ndi amene ndinkamuluka tsitsi pakhonde, bambo ake akumuyang'anitsitsa ngati akuopa kuti wina amutenganso. Agogo atamwalira, a Jailosi ndi amene analowa m'manda kulandira bokosi.

Lero ine ndi Esinati tili ndi zidzukulu, ndipo timachezerana ngati pachibale. Akamakamba za malemu bambo ake amanyadira kuti chikhalire sanawaonepo ataledzera. Ine ndinawaonapo, m'ngalande muja, koma ndimangomuvomera kuti anali munthu wabwino, chifukwa ndi zoona.