Mwala Wofiira wa Amayi Ake a Wanphen

Wanphen ndinagwira naye ntchito kuno ku Korat, pa makina aja a mphete yaikulu otulutsa kuwala kwa ekisirei. Ntchito yake inali kusinja zomwe anthu abweretsa, kuzidinda ngati timapiritsi, n'kuziika m'kachipinda kuti kuwalako kuziboole. Makinawa ndi akazitape oopsa: sangokuuza kuti muli chiphe chakuti, amaululanso chomwe chiphecho chagwirana nacho. Wanphen mwiniwake anali wolongolola, wokonda papaya wosinja ndi tsabola wambiri, ndipo makina akazima ankawatukwana ngati mwamuna wake wothawa uja.

Mwana wake Namfon anamusiya kumudzi ndi amayi ake, monga timachitira tonse. Koma mwanayo sankapeza bwino: kutsegula m'mimba kosatha, khungu mawangamawanga. Ana ena m'mudzimo chimodzimodzi. Aliyense ankaloza chala mgodi wakale wa kuphiri, ndipo Wanphen analumbira kuti eni mgodiwo adzawagwira ndi umboni.

Mpata pa makinawa umadikirira miyezi, ngakhale wogwira ntchito pomwepo. Wake utakwana, anabweretsa dothi la kumunda, mpunga ndi matope a pachitsime. Pa kachitsulo koikapo zoyeza panatsala bowo limodzi.

"Achemwali, apa tiikepo chiyani, tsabola wanu?" ndinamuseka.

"Iwe, usandiyambe," anatero. "Ikapo ufa wa amayi, uone mankhwala enieni."

Amayi ake ndi otchuka popaka ana mankhwala kukhosi ndi chala, ufa wa zitsamba wosakaniza ndi mwala wofiira. Ambirife tinakula nawo. Mwalawo uli ndi chiphe chotchedwa aseniki, koma wogwirana ndi sulufule, ndiye sasungunuka msanga m'thupi. Wanphen ankayenda nawo ufawo m'chikwama, ankaunyadira.

Tinatseka chitseko, kuwala n'kulowa. Dothi, mpunga, matope, zonse zinaonetsa aseniki wochepa zedi. Wanphen anatsonya, mgodi wamupulumuka. Titafika pa ufa uja, mzere wa pa kompyuta unalumpha, ndipo unalumphira pena, osati pa sulufule. Aseniki ameneyu anali wogwirana ndi mpweya, aseniki uja woyera wophera makoswe. Mwala wofiira umasanduka chomwecho ukakumana ndi moto.

Wanphen anangoti kukamwa yasa. Kenaka anandiuza kuti chiwagwirireni nyamakazi amayi ake, mwalawo amayamba auwotcha pa makala kuti ufewe posinja. Iye yemwe anawaonapo akutero, n'kuwayamikira nzeru.

Ndinamumvera chisoni chosaneneka, komanso ndinapsa mtima ndi makina aja, ngati kuti alakwa ndi iwo. Wanphen anaimbira foni amayi ake ndili pompo, mawu a mayiwo akumveka.

"Amayi, mwala uja mukuuwotchabe?"

"Nanga ndi manja angawa ndiusinje bwanji?" anayankha mayiwo akuseka. "Wayamba liti kufunsa za ntchito yanga, iwe wa makina?"

"Namfon ali kuti?"

"Usade nkhawa, mwanawe. Walira m'mawa wonse, ndiye ndamupaka kawiri, wambiri ndithu. Pano wagona, ali zii, ngakhale ndimugwedeze sakudzuka."

Wanphen anathamangira panja foni ili kukhutu, akukuwa kuti amayiwo apite naye mwanayo kuchipatala. Kwawo ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.