Tsiku Limene Ndinamana Gondwe Madzi

Ndikukumbukira mawu amene azakhali anga a Nachisale anandiuza akundisenzetsa ndowa masana a Loweruka lina: "Iwe Dailesi, munthu amene sukumudziwa usampatse madzi awa, ngakhale akusekerere mano onse pamtetete. Amene amaseka kwambiri ndiye watumidwa." Ndinali ndi zaka khumi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala wonyamula madzi a timu ya mpira ya kwathu ku Chia.

Timu yathu inkatchedwa Mwera, dzina la mphepo ija imene imagubuduza mabwato. Kunena zoona, masiku ambiri inkawomba ngati kamphepo kayaziyazi basi. Koma anthu ankaikonda koopsa. Loweruka la mpira asodzi ankasiya maukonde osasoka, amayi ankaanula chinangwa dzuwa likadalipo, ndipo mbalame zinkadya mpunga kumunda mwaufulu chifukwa woingitsa panalibe. Bwalo lake linali la mchenga, kuseri kwa sukulu. Mizere tinkalemba ndi phulusa. Magolo anali a nsungwi, ndipo ukonde wake unali wophera nsomba wotha ntchito, moti goloboyi akagwera momwemo ankadzuka akununkha usipa.

Khamu lake! Anthu ankaima mizere inayi kapena isanu kuzungulira bwalo lonse. Ena ankakwera m'mitengo ya mango mpaka nthambi kumalira. Kunali ogulitsa nzimbe, zitumbuwa, chinangwa chophika chothira mchere ndi tsabola, ndi thobwa la m'mitsuko yokutira ndi masamba a nthochi. Azibambo otuluka kumzikiti ankaima chapatali atavala mikanjo yoyera, akuti angodutsa, koma ankadutsa mpaka mpira kutha. Woimbira anali mphunzitsi wa Sitandade 6, ndipo njinga yake ankaiimika pafupi ndi njira, itayang'ana kale kwawo. Pakati pa zonsezi pankadutsa gulu la amayi oimba, azakhali anga ali patsogolo, chitenje chomanga m'chiuno, akuzungulira bwalo ndi ng'oma ziwiri ndi fumbi lofika kumwamba.

Tsono za madzi zija ndifotokoze, poti ana a lero sangazidziwe. Madzi a timu sanali madzi wamba. Munali timizu timene azakhali ankakatenga kwa mkulu wina wa ku Kanyenda. Dzina lake sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Lamulo lake linali loti anyamule ndi mwana wosatha msinkhu, amene akuluakulu ankati ndi wozizira. Munthu wapabanja akagwira, ankati mankhwala asuluka. Ndowa isatsike pamutu mpaka nthawi yopumulira, ndipo chikho chichoke m'dzanja la mwanayo kupita kwa wosewera, osadutsira mwa wina. Alendo nawo ankabwera ndi madzi awoawo. Palibe amene ankamwa za mnzake. Ngakhale polowa m'bwalo alendo sankadzera panjira, ankadzera m'munda wa chinangwa kuopa zimene takwirira.

Ntchitoyi inali yaulemu, koma inali ndi minga. Amene ankanyamula ine ndisanayambe anali Esinati. Tsiku lina anatula ndowa kuti akande mwendo, timu nkugonja ndi zigoli zinayi. Amayi oimba aja anamupekera nyimbo. Ankaiimba pamtondo, padooko pochapa, ngakhale paukwati wa mchemwali wake. Esinati anatha chaka akukatunga madzi mbandakucha kuti asakumane ndi anthu. Ine sindinkaopa kukwapulidwa. Ndinkaopa nyimbo. Chikwapu chimapola, koma nyimbo ya amayi a ku Chia imakutsatira mpaka kubanja.

Tsiku limenelo tinkasewera ndi anyamata a ku Benga. Anabwera pa lole, atavala majezi ofiira ofanana, manambala kumsana. Athu analibe majezi okwanira, ndiye anangovula malaya onse nkumasewera mimba pamtunda. Ine ndinaima kuseri kwa golo ya achimwene anga a Wisikesi, amene anali goloboyi wathu. Ndowa pamutu, nkhata ikundidya pa liwombo, khosi gwa. Munthu wosenza ndowa yodzaza satembenuka mwachisawawa, ndiye mpira wonse wa chigawo choyamba ndinaonera msana wa achimwene ndi miyendo ya anthu odutsa patsogolo panga. Zambiri ndinkangomvera m'makutu. Khamu likati "Eeeee!" ndiye kuti tikupita. Likati "Aaaa!" ndiye kuti taphonya. Litangoti zii, ndinaona achimwene akutola mpira mu ukonde. A ku Benga anali atamwetsa chimodzi.

Chimene sindinkadziwa nchoti akuluakulu a timu anali atabwereka munthu. Anali mnyamata wodula nzimbe ku esiteti ya ku Dwangwa, dzina lake Gondwe. Anafika panjinga mpira utayamba kale, nkulowa chakutsogolo, kutali ndi kumene ndinaima. Nkhaniyi anaibisa kuopa kuti a ku Benga angadandaule. Anabisira a ku Benga, nkubisiranso wa ndowa.

Wezulo yopumulira italira, ndinatula ndowa ndekha pamphasa, khosi likuchita kunjenjemera. Osewera anabwera mmodzimmodzi. Onse ndinkawadziwa, ndi amayi awo omwe. Ndinkatunga, nkupereka, nkulandira chikho. Kenaka panaima munthu wamtali wakuda bii, atadziphimba malaya a ovolosi paphewa, thukuta lili chuchuchu. Anandisekerera. Mano oyera mbee, onse pamtetete.

"Nipaniko maji, mwana wakutowa," anatero, akuloza ndowa.

Chilankhulo chachilendo, nkhope yachilendo, ndiponso kuseka. Zonse zimene azakhali ananena zinali zitaima patsogolo panga ndi miyendo iwiri. Ndinabisa chikho kumbuyo, nkukhala pa chivundikiro cha ndowa.

"Madzi atha," ndinatero.

Anayang'ana ndowa imene ndinakhalira, ikudontha m'mbali. Anayesanso m'Chichewa chake chopindika: "Ine ndine wa timu yinu, mwana. Ndafumira ku Dwangwa."

"Mukamwe ku Dwangwa komweko."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondithandiza, koma azakhali anali tsidya lina la bwalo ndi ng'oma zawo, ndipo achimwene anali pakati pa mkangano wa amene analakwitsa pachigoli chija. Munthu uja anaseka kwambiri mpaka kugwira m'mawondo. Kenaka anatembenuka, nkuyenda bwinobwino kudutsa bwalo lonse, mpaka pamene a ku Benga anakhala mozungulira chigubu chawo. Asanazindikire kuti akufuna chiyani, ananyamula chigubucho ndi manja awiri nkumwa. Anamwa ndithu, kholingo likukwera ndi kutsika, anthu mazanamazana akuonerera. Otsala anadzithira kumutu.

Sindinamvepo bwalo lathu litakhala chete chomwecho. Ngakhale wogulitsa nzimbe anasiya kusenda. Kenaka phokoso linaphulika mbali zonse. A ku Benga ankalalata kuti wawabera. Athu ankagwira kumutu kuti munthu wathu wamwa za adani, miyendo imuuma pompano. Azakhali anafika akuthamanga, nkundigwira khutu.

"Wachita chiyani, mwana iwe?"

"Simunanene nokha kuti woseka ndiye watumidwa?"

"Watumidwa ndi ife, chitsiru!"

Chigawo chachiwiri ndinaimanso kuseri kwa golo ya achimwene, ndowa yopepuka koma mtima wolemera ngati mwala wa nangula. Amayi sanachedwe. Atafika kuseri kwa golo yathu ndinamva a Nabanda, mnzawo wa azakhali wa mawu okuluwika, akuyesa kale mzere woyamba chapansipansi: "Dailesi, Dailesi, wamana mlendo madzi." Ena anayamba kupeza poyankhira. Ng'oma inayamba kufunafuna kayendedwe kake. Nyimbo yanga inkabadwa ndikumva ndi makutu anga, ndipo choipa kwambiri nchoti inali yokoma. Ndinkadziwa kuti yotere siifa msanga. Ndinayamba kuganiza zopempha amayi anga kuti anditumize kwa agogo ku Kanyenda, ndikakhale komweko mpaka ndidzakwatiwe.

Ulendo uno ndinatembenuka, madzi kaya atayike. Ndinkafuna kuona miyendo ya Gondwe ikuuma. Siinaume. Munthu uja anayamba kuthamanga ngati wakumbukira kuti wasiya moto kumunda. Analandira mpira pakati, nadutsa mmodzi, nadutsa wachiwiri amene anagwa chagada mumchenga, nkuumenya ndi phazi lopanda nsapato. Nsungwi ya golo inagwedezeka. Anthu anakhamukira m'bwalo ngati madzi osefukira, amayi nthungululu, ana kugubuduka mumchenga, m'mitengo ya mango mukugwa anthu ndi mango omwe. Mkulu wina wa mkanjo woyera, mmodzi wa ongodutsa aja, anapezeka pakati pa bwalo akuvina kofia ili m'manja. Panatenga nthawi kuti aphunzitsi atulutse anthu.

Chachiwiri chinabwera mpira uli pafupi kutha. Inali kona. Gondwe analumpha kuposa onse nkuugunda ndi mutu womwe uja anauthira madzi a ku Benga. Aphunzitsi sanadikirenso. Analiza wezulo ali kale chothamangira kunjinga yawo.

Mmene fumbi linkatsika nkuti nkhani itasintha kale. Amene anayamba sindikumudziwa, koma aliyense ankainena ngati anaidziwa kuyambira m'mawa. Akuti mankhwala a ku Benga anali amphamvu kuposa athu, ndipo mwana wa ndowa anazindikira, nkumukaniza dala Gondwe kuti akawamwere onse. Azakhali anga, amene khutu langa linali likadali lotentha ndi zala zawo, ankauza anthu kuti, "Ndinamulangiza ndine. Mwana ameneyu ndi wamaso." A Nabanda sanataye nyimbo yawo. Anangosintha mzere wachiwiri, nkukhala wonditama. Anthu anandinyamula pamapewa kuzungulira bwalo, ndowa ikulira ngati ng'oma m'manja mwa wina, wapabanja kaya wosakwatira, panalibenso wofunsa.

Gondwe anandipeza pambuyo pake akukankha njinga yake. Anandigulira nzimbe yathunthu, nkunena kuti madzi a ku Benga anali ofunda ndipo ankanunkha palafini. Nzimbeyo ndinalandira ndi manja awiri. Koma sindinadye. Ndinapatsa mng'ono wanga kaye, nkumuyang'anira mpaka madzulo.

Tsiku limenelo ndinaphunzira za anthu zimene sukulu sinandiphunzitse. Pakamwa pomwe pankakonza zondinyoza mpomwe panandiimbira zonditama, nyimbo yake imodzimodzi, ng'oma yake yomweyo. Chimene chinasintha zinthu ndi mutu wa Gondwe basi. Ndiye adzukulu anga akamadandaula kuti agogo sakhulupirira munthu, agogo amanunkhiza ndiwo za eni asanadye, ine ndimangoti inde. Ndakalamba nazo, ndipo ndikadali moyo.

Timu ija ikadalipo. Ali ndi majezi tsopano, nsapato zamitundumitundu, magolo achitsulo ndi ukonde wogula wosanunkha kanthu. Madzi amamwa a m'timapepala, aliyense kuboola ndi mano ake. Koma owaonera ndiye mulibe. Ulendo womaliza umene ndinapitako ndinapeza anthu oti onse akanakwana pansi pa mtengo umodzi wa mango, ndipo theka la iwo maso anali pafoni. Mbuzi zinkadya msipu pakona osaingitsidwa. Anyamata a m'mudzi muno Loweruka amakadzazana m'tizisakasa ta kanema kumsika, kuchemerera matimu a kunja amene sadziwa nkomwe kuti kuli Chia. Amakangana mpaka kugwirana malaya chifukwa cha munthu amene sadzawagulira nzimbe. Ng'oma za azakhali zinadyedwa ndi chiswe. Mnyamata wina anamwetsa chigoli chokongola tsiku limene ndinapitako lija, nathamangira kumzere manja ali m'mwamba, nkupeza kulibe womulandira. Ndinaliza nthungululu ndekha. Mbuzi ndi zimene zinatembenuka.

Sindikuti kale zonse zinali bwino. Tinkamenya oimbira, tinkaopa zigubu za anzathu, tinkazunza ana ndi nyimbo. Koma mwana wosewera ankadziwa kuti mudzi wonse ukumuona, ndipo ngakhale wa ndowa anali munthu woti nkumupekera nyimbo.

Pano mawondo andikana, kubwalo sindifikako. Nyumba yanga ili pafupi, moti wezulo ndimaimva ndili pakhonde. Kale munthu wodwala ankatsatira mpira wonse ali pamphasa, phokoso lokha linkamuuza amene wamwetsa. Lero wezulo imalira, kenaka zii, ndipo sindidziwa ngati ana athu awina kapena alira. Ndiye inu anzanga amene miyendo ikadakumverani, pitani Loweruka mukawaimbireko anawo, ngakhale nyimbo imodzi. Pobwerera mudzere kuno mudzandione ngati ndadzuka, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa chigayo. Muyambe mwatchula dzina lanu ndi la amayi anu muli panja. Ndipo mubwere awiri, kuti za zigolizo ndidzakufunseni payekhapayekha.