Telala wa pa Khonde la Sitolo Yotsekedwa

Ntchito yojambula zithunzi ndinaipeza chifukwa cha njinga. A Kachigamba, omwe anali ndi situdiyo pa boma la Dedza, ankafuna munthu wotha kupalasa zitunda za ku Bembeke osakomoka. Amalume anga anawauza kuti ine miyendo ndili nayo, nzeru zibwera pambuyo.

Anandiphunzitsa kuika filimu ndili pamthunzi, kuimika munthu dzuwa lili kumsana kwanga, ndi kutsuka zithunzi m'mbale zitatu pansi pa nyale yofiira. Anthu ankakonda kujambulidwa atanyamula wailesi yobwereka, kapena ataima pakhomo pa sitolo yodzaza nsalu, kuti abale a ku Joni aone kuti kuno zikuyenda.

Kenako amwenye anauzidwa kuti achoke kumidzi apite m'mizinda, masitolo n'kutsala pululu. Tsiku lina ndinaima pa sitolo imene amayi anandigulira nsapato zanga zoyamba. Chitseko chinali chitaguluka, mashelefu ali mbee, nkhuku itaikira mazira pa kauntala. Zinandipweteka mtima, ndipo ndinajambula.

Pomwepo anyamata awiri achipani anandigwira paphewa.

"Iwe, ukujambula sitolo yopanda kanthu? Ukufuna akunja aziti kuno kuli umphawi? Bwera nayo kamerayo."

Kamerayo inali ya bwana, ndipo inalipo imodzi yokha. Ndinaifungatira pachifuwa.

Pakhonde panali telala wokalamba, a Lemani, amene anatsala ndi makina awo opalasa mwini sitolo atachoka. Sitinkadziwana n'komwe. Anachotsa mapini pakamwa.

"Ana inu, ameneyu ndamuitana ndine. Kodi mwaletsa kujambula munthu wolimbika ntchito?"

Anakokera makinawo pakhomo penipeni, nakoleka tepi m'khosi, nakhala mowongoka ngati mkwati. Ndinawajambula. Anyamata aja anaseka, wina mpaka anapempha kuti naye alowe m'chithunzimo.

A Kachigamba atatsuka filimuyo, anadula kachidutswa koonetsa mashelefu opanda kanthu kaja nakatentha.

"Ichi palibe angagule," anatero, "koma chikhoza kukugulitsa iwe."

Chithunzi cha a Lemani ndinakawapatsa ulere. Chaka chotsatira ndinawapeza atalowetsa makina m'kati, mashelefu awiri ali ndi nsalu, amayi atatu akudikira kuyezedwa. Kuyambira pamenepo, ndikafika pamalo pooneka ngati pafa, sindifulumira kukweza kamera. Ndimayamba ndayang'ana pakhonde, ndione amene watsalapo.