Chingambwe cha Apongozi Anga

Boma linandilemba ntchito chifukwa cha pakamwa. Mlangizi wa zaumoyo kumudzi chida chake ndi chimenecho basi, kuphatikiza njinga ndi sikelo yokoleka mumtengo. Atanditumiza ku Mzimba kuchokera kwathu ku Ntchisi, sindinachedwe kutchuka m'midzi ya ku Engutwini. Ndinkafika pakhomo la munthu n'kufunsa chimbudzi moni ndisanamalize n'komwe. Ndinakalipira abambo otchingira anapiye ndi masikito, ndinatayitsa thobwa la eni pamsika m'nyengo ya kolera. Amayi akaona njinga yanga ankati, "Wafika uja wa Chichewa chambiri." Ine ndinkamva kukoma.

Koma panali munthu mmodzi amene pamaso pake pakamwa pangapo pankauma gwa. Anali apongozi anga aamuna.

Ndinakwatiwa komweko, ndipo ng'ombe zinaperekedwa. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi n'kumayenda monyang'ama pakhomo la eni. Kuno zinanditembenukira. Mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sawatchula dzina, saimirira pamene iwo akhala. Ukawapititsira madzi umagwada chapatali n'kumalankhula ndi dothi. Ukakhala ndi nkhani yoti iwafike, umaidutsitsa mwa munthu wina. Zonsezi ndinazilandira, poti wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Vuto linali loti munthu womutumayo ndinalibe. Apongozi aakazi anali atamwalira kale, alamu anga anakwatiwa kutali, ndipo mwamuna wanga anapita ku Joni mwana wathu asanayambe kukwawa.

Adada, monga tonse tinkawaitanira, anathera mphamvu zawo akucheka matabwa ku Luwawa. Kumeneko anatolako Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, anasiyako chala chamkombaphala cha kumanja, n'kubwerako ndi chifuwa cholira ngati mvukuto. Fodya ankalima okha, timizere pang'ono kuseri kwa khola. Iwo ankamutcha hona. Ankapichira chingambwe ndi zala zotsalazo mosathamanga, n'kunyambita pepala, kenako n'kutsokomola kaye asanayatse, ngati akulonjera chifuwa kuti mlendo akubwera.

Mwana wanga ankamukonda moti nthawi zina ndinkachita nsanje. Anali mdzukulu wawo woyamba wamwamuna. Atasiya kuyamwa, ndikamakwera njinga m'mawa ndinkamusiya kwa iwo. Kuzizira kwa ku Mzimba mu Juni amakudziwa ndi amene anakulawa. Adada ankamulowetsa mwanayo m'jekete lawo lalikulu la kunkhalango, mutu wokha uli kunja, n'kutseka chitseko cha kanyumba kawo kopanda zenera, moto uli pakati, chingambwe chili pakamwa. Madzulo ndinkalandira mwana wokhuta, wosangalala, wonunkha fodya mpaka m'makutu.

Zinayamba ngati kachifuwa wamba. Kenako tsiku lina ndinapeza mwana akupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Chibayo ndinkachidziwa, poti ndine amene ndinkauza anzanga zizindikiro zake. Anatigoneka kuchipatala ku Boma. Namwino wina, mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi pamisonkhano, anamuvula mwana chipewa, n'kuchinunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Asisi, kunyumba kwanu amasuta ndani?"

"Agogo ake."

"Ndiye inu a zaumoyo mukungoonerera?"

Sanakweze mawu, koma amayi a pamabedi oyandikana anamva, ndipo awiri mwa iwo ndinali nditawakalipirapo za zimbudzi. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Titatuluka ndinaimbira mwamuna wanga kuti alankhule ndi bambo ake. Yankho lake linali lalifupi. "Adada anayamba kusuta ine ndisanabadwe. Ndinafa ine? Usandiyambitsire milandu ndili kutali." Kumuchotsa mwana kwa agogo ake n'kukamusiya kwa anthu adera nakonso kukanakhala kutukwana. Mwana ndi wa ng'ombe zawo, ine ndinangobereka.

Ndiye ndinayesa nzeru za kuofesi. Tinali ndi timapepala tojambula mapapo awiri, ena ofiira bwino, ena akuda ngati kunsi kwa mphika. Ndinatenga tingapo n'kutisiya pampando wawo ngati ndangotiiwala. Mawa lake ndikusesa ndinatola kachidutswa kopserera, theka la phapo lofiira likuonekabe. Adada anali atapichiramo. Atandiona analankhula kwa mwana, poti ndi mmene ankandiuzira zinthu ine ndili pomwepo.

"Uwauze anyoko, mapepala awa ngawemi, abwino chomene. Akapeza ena, mbwenu abweretse."

Lero ndimatha kuseka. Tsikulo ndinasesa bwalo lonse kawiri chifukwa cha ukali.

Pasanapite nthawi chifuwa chinabwerera. M'mawa wa tsiku la sikelo mwana anatsokomola mpaka kusanza phala, ndipo ndinamusiyabe m'jekete muja chifukwa kwina kunalibe. Ndinapalasa njinga mtima ukuwira. Pansi pa mtengo wa pasukulu amayi anali atadzaza, ana kumsana, makadi m'manja. Phunziro la tsikulo linali la phala losakaniza ndi nsinjiro. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, koma zimene zinatuluka sizinali za phala.

"Amayi," ndinatero, "kumudzi wina, osati kuno ayi, kutali, kuli nkhalamba ina."

Ndinaganiza kuti ndazimbayitsa. Ndinawauza za kanyumba kopanda zenera, za mwana wa m'jekete. Amayi anayamba kumwetulira, ine ndinawonjezera moto. Ndinawerama msana, ndinatsokomola chitsokomolo chija cholonjera, ndinanyambita pepala la m'malere. Anaseka mpaka ena kugwirana. Munthu wa pakamwa akaseketsa anthu bwino amaledzera, ndipo ine ndinaledzera. Ndinapinda chala chamkombaphala n'kupichira fodya ndi zala zotsalazo, ndendende monga Adada. M'dera lonselo munthu wa chala chotero anali mmodzi. Kuseka kunachepa, koma ine sindinamve. Ndinakweza dzanja lopinda chalalo kuti a kumbuyo aone, n'kunena kuti, "Nkhalamba imeneyi ikupha mdzukulu wake ndi manja ake omwe."

Mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu, amene anabwera ndi mwana wa mwana wake, anaimirira, anamanga chitenje, n'kunyamuka mwanayo asanamuyeze. Anadutsa pafupi nane n'kunena motsitsa, "Yewo, asambizi. Tapulika," kutanthauza kuti zikomo aphunzitsi, tamva. Apo mpamene ndinayang'ana dzanja langa n'kuona kuti chala chikadali chopinda.

Mawu anafika kunyumba njinga isanafike. Ndinadziwa chifukwa pabwalo panalibe amene anandilonjera, ndipo mwana ndinamupeza kwa mayi wa nyumba yoyandikana. Ndinayembekezera mlandu. Kunena zoona ndinkaulakalaka. Ndinakonza kale mawu anga, za chibayo, za utsi, za namwino ndi chipewa, ndipo nkhuku yolipira ndinaisankha kale m'khola. Pamlandu munthu umadziteteza, umalipa, zimatha. Koma palibe amene anandiitana. Adada sanadandaule kwa aliyense.

M'mawa mwake mwana anathamangira kukanyumba kuja monga mwa masiku onse, manja ali m'mwamba. Chitseko chinali chotseka. Adada anali atasamutsa kampando kawo n'kukakhala kuseri kwa khola, pamphepo, pamene palibe munthu amene amakhala chifukwa cha fungo la ndowe. Mwana atawaona anakhotera komweko. Iwo anatambasula dzanja, osati lomulandira, koma lomuimitsa.

"Welera kwa anyoko."

Mwana anaima osamvetsa. Anayesa kuyandikira, iwo anabwereza. Analira akugubuduka m'fumbi, ndipo ine ndinamunyamula nkhope ili kumbali. Kuyambira tsikulo ndinkapita naye kuntchito kumsana, kapena kumusiya kwa mayi woyandikana uja, amene ankamulandira osandiyang'ana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinalondola. Chifuwa chinatha. Mwana ananenepa, kadi lake linayamba kukwera, ndipo ku Boma sitinabwererenso. Nthawi zina ndinkadzilimbitsa mtima kuti mayi aliyense akanachita zomwezo, ndipo mwina n'zoona kuti mayi aliyense akanalankhula. Koma chala chija sichinali cha zaumoyo. Chinali changa, cha ukali wanga ndi kukonda kwanga kuseketsa anthu. Ndinamva pambuyo pake kuti kumaliro ena anyamata anapinda zala Adada akudutsa. Adada anasiya kupita kumilandu ya pamudzi kumene ankakhala kutsogolo. Kutchalitchi ankafika mochedwa n'kukhala kumbuyo. Ine pa sikelo ndinkaphunzitsabe, koma manja ndinkawasunga kumbuyo, ndipo amayi anasiya kunditcha wa Chichewa chambiri. Ankangoti mkamwana wa uje.

Kupepesa ndinkafuna, koma nako kunafunika munthu wodutsamo. Ndinkagwada ndi madzi awo kuseri kwa khola, iwo n'kungoti yewo akuyang'ana ng'ombe. Mwana naye anazolowera. Ana sachedwa. Anayamba kuwazungulira agogo ake patali monga mmene ankazungulira ng'ombe yamphongo.

Tsiku lina Lamlungu masana ndinali pakhonde ndikutonola chimanga, mwana atatsamira pamwendo panga akuwodzera. Ndinamva mapazi. Adada ankabwera kuchokera kuchitsime, tsitsi lili lonyowa, atavala malaya oyera amene ankasungira Mgonero. Jekete sanavale ngakhale kunali mphepo. Ndinataya chitsononkho kuti ndigwade, koma iwo anandiposa. Anaima chapatali, pamtunda womwe ine ndinkaima ndikamawapatsa madzi, n'kunjuta pansi, munthu wamkulu, mwini bwalo, mwini ng'ombe, mwini mwana. Sanalankhule kwa mwana. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, analankhula kwa ine.

"Mama, lero hona sindinasute. Kuyambira mayiro, dzulo lija. Ndasamba na sopo." Anakweza manja kuti ndione. "Ndapota, ningamunyamulako pachoko?"

Ndinkafuna kunena kuti inde. Ndinkafuna kunena kuti mwana ndi wanu, Adada, ndine ndani ine kuti mundipemphe. Koma manyazi anandigwira. Kuona nkhalamba ija itanjuta m'fumbi chifukwa cha ine, pakamwa panga ponse paja, pamene boma linkalipira, panakanika kutulutsa ngakhale liwu limodzi. Ndinaweramitsa mutu, misozi ikugwera m'chimanga. Iwo anadikira. Anadikirabe. Kwa munthu amene anamva mmene ndimalankhulira pagulu, kukhala chete kwanga kunali ndi tanthauzo limodzi.

"Yewo, mama," anatero.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo. Pamene ndinkadzutsa mwana kuti ndimuimike awathamangire, iwo anali atakhota kale pangodya ya nyumba. Mwana anakana, anandikakamira chitenje akulira ndi tulo. Ndinamunyamula ndekha n'kuthamanga naye kudutsa pabwalo, koma ndisanafike pakati ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa khola.