Kugulitsa mafulati a kumapiri ndikusowa pogona ku Dublin

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin anandipezera ndi asisi Tiyamike, amene tinkapemphera limodzi. Iwo ankakolopa mu ofesi ya kakampani kena kogulitsa nyumba za kunja, ndiye anamva kuti akufuna munthu woyankha foni. N'kuti nditangomaliza sukulu, ndikugona chipinda chimodzi ndi mtsikana wina wa ku Zambia m'nyumba ya lendi ku Clondalkin.

Tinkagulitsa mafulati a pakati pa tauni ina ya kumapiri ku Bulgaria, kumene anthu amapita kukasewera ski, masewera otsetsereka paphiri, nthawi ya sinowo. Ine kumeneko sindinapondeko mpaka lero. Bwana wanga Declan anandipatsa hedifoni, tabuleti ndi mabulosha, n'kundiuza kuti ndiloweze mapu a tauniyo. Ndinadziwa msewu wa mabala, pogulitsira buledi, komanso fulati iti ili pafupi ndi siteshoni ya gondola, tingolo tolendewera pa waya tokweza anthu kuphiri. Kasitomala akaimba ndinkamutumizira pulani ya fulati, kumuonetsa kavidiyo koyenda chipinda ndi chipinda, kenako kumufotokozera za depoziti ndi ndalama ya pachaka yosamalira nyumba.

"Usamati pakati pa tauni pali phokoso," ankatero Declan. "Uziti pali moyo."

Nyengo yozizira itafika, tinalandira notisi yoti tituluke m'nyumba. Landilodi wathu, a Martin, ankagulitsa nyumbayo. Masana ndinkathandiza anthu kusankha nyumba yachiwiri, madzulo n'kukaima pamzere mvula ikugwa, kudikira kuona kachipinda kamene anthu ambirimbiri akukafuna. Mauthenga anga ambiri ofunsa za chipinda sankayankhidwa n'komwe.

Loweruka lina tinachita chionetsero mu holo ya hotela ku Citywest. Ndikukonza mabulosha patebulo, ndinangoona a Martin ndi akazi awo akukoka mipando patsogolo panga. Bambo amenewa anabwerapo kunyumba kangapo kudzakonza boila yotenthetsera madzi, ine n'kuwapangira tiyi. Anandiyang'ana kumaso, n'kumwetulira ngati munthu wachilendo.

"Tikufuna ya zipinda ziwiri, pakati penipeni pa tauni," anatero. "Tili ndi kanyumba ku Clondalkin, tikugulitsa. Matenanti akangotuluka, zonse ziyenda."

"Kungoti anthu ake ndi ochedwa kusamuka," anawonjezera akazi awo.

Ndinapempha kuti andidikire pang'ono, n'kupita kwa Declan. Ndinamufotokozera monong'ona kuti ameneyu ndi amene akundichotsa m'nyumba, bwanji amuthandize munthu wina.

"Wakhala patebulo pako, ndi kasitomala wako," anatero. "Zakunyumba uzisiya kunyumba."

Ndinabwerera patebulo langa. Ndinatsegula tabuleti n'kuwauza zonse zimene Declan ankaletsa: kuti mabala amasokosa mpaka m'bandakucha, kuti poimika galimoto palibe, kuti sinowo ikasungunuka mashopu ambiri amatseka. Mumtima ndinkati mwina afooka, nyumba yathu ikhala.

A Martin anaseka. "Phokosolo ndiye labwino, ndiye kuti alendo ochita lendi sasowa. Ndakukonda iwe, sunama."

Anasaina pomwepo. Akuvala majekete, ndinalephera kupirira.

"Ine ndine Chisomo, a Martin. Wa chipinda cha pamwamba chija."

Anaima kaye, nkhope itafiira. Akazi awo anayamba kufunafuna china chake m'chikwama.

"Ndimati nkhopeyi ndikuidziwa," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Makiyi mudzangosiya patebulo la kukhitchini."

Lolemba lake Declan anandiyamikira pamaso pa anzanga onse, ati ndili ndi luso lopangitsa kasitomala kundikhulupirira. Kumapeto kwa mweziwo ndinalongedza masutikesi awiri n'kukagona pa sofa kwa asisi Tiyamike ku Coolock, mpaka nyengo yotentha inafika. Mnzanga wa ku Zambia uja anasowa kolowera, anasiya ntchito yake n'kusamukira tauni ina kutali ndi Dublin. Sitinaonanenso.

Ndinagwirabe ntchitoyo miyezi ingapo, chifukwa wopanda ntchito sapatsidwa chipinda. Amene amafuna kuyamba ntchito yogulitsa nyumba ndimawauza kuti mapu ndi mapulani savuta, aliyense atha kuloweza. Chimene ine ndinatengako n'chakuti munthu akati akugulitsa kanyumba kake, ndimayamba ndafunsa kuti m'nyumbamo mukugona ndani. Ambiri sadziwa ngakhale dzina.