Benchi la Kumbuyo

Atate anga anamwalira asanabatizidwe, ngakhale kuti m'mudzi mwathu, kuseri kwa minda ya Chalimbana, panalibe munthu wofika kutchalitchi msanga kuposa iwo. Chifukwa chake chinali chimodzi: anali ndi akazi awiri. Anachokera ku Katete ndi amayi aakulu, ndipo atapeza malo olima kuno ku Chongwe anakwatira amayi anga. Ine ndine mwana yekhayo wa nyumba yachiwiriyo.

Lamulo la mpingo wathu linali lomveka bwino. Mwamuna wamitala ankaloledwa kulowa kalasi ya ubatizo, koma madzi sakanamukhudza asanasiye mkazi wachiwiri. Motero atate anamaliza kalasiyo kangapo, mayankho onse ali pamtima, koma tsiku la ubatizo likafika ankakhala pa benchi la kumbuyo, chipewa chili pabondo. Nthawi ya Mgonero ankatuluka pamodzi ndi ife ana.

Atadwala matenda awo omaliza, ndinachoka ku Silverest, kumene ndimaphunzitsa, kukawasamalira. Tsiku lina kunabwera mkulu wa mpingo, mnzawo wakalekale.

"Akulu, nkhani ni yaing'ono," anatero. "Munene chabe kuti amake mwana abwerere kwawo, abusa azabwera mailo m'mawa kuzakubatizani."

"Kwawo kuti? Makolo ake anafa, munda wake ni uno," atate anayankha. "Nanga mbala ija ya pamtanda anaibatiza ndani?"

"Mbala ija inalibe mpata. Imwe mpata muli nawo."

Amayi anga anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo anamva zonse. Mlendoyo atapita, anamanga zovala zawo m'chitenje, nadzagwada pakhomo la chipinda kutsanzika. Anali okonzeka kupita kwa msuweni wawo ku Kasisi kuti mwamuna wawo abatizidwe. Atate anatembenukira kwa ine.

"Iwe, masula katundu uyo. Sinifuna kulowa kumwamba poponda pamsana pa amai ako."

Ndinamasula. Sabata lomwelo atate anatisiya. Abusa sanabwere pamaliro, ndipo amayi a mumpingo anabwera osavala yunifomu. Kumanda nyimbo anayambitsa ndi amayi aakulu, okha.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusinkhasinkha nkhaniyi mbali zonse ziwiri, ndipo palibe mbali imene imandipeputsa mtima. Ngati ubatizo uli wofunika kuti munthu apulumuke, ndiye kuti atate anataya moyo wosatha chifukwa cha amayi ndi ine. Ngati chikhulupiriro chokha chili chokwanira, ndiye kuti zaka zonse za pa benchi lija anazunzika popanda chifukwa. Anzanga kusukulu amakangana za izi pomwa tiyi, wina aliyense ndi vesi lake. Ine ndimangokhala chete, pakuti kwa iwo ndi chiphunzitso, pamene kwa ine ndi munthu amene ndinamusambitsa ndi manja angawa.

Imfa ya atate inachotsa chimene chinkaletsa amayi anga kubatizidwa, popeza tsopano sanalinso mkazi wachiwiri wa munthu. Chaka chotsatira anabatizidwa. Pobwerera tinayenda awiriwiri m'kanjira ka m'minda, tsitsi lawo lidakali lonyowa pansi pa duku. Titayandikira kunyumba anaima.

"Mwanawe, ndiwe wophunzira. Kumene nizapita, atate ako nizawapeza?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu, nalowa m'nyumba. Lamulungu lotsatira ndinawapeza atakhala pa benchi la kumbuyo, ndipo ndinakhala pambali pawo.