Chifukwa chake sindisesa pabwalo m'mamawa

Amuna anga anakhalapo kundende chifukwa cha fodya wa pa esiteti. Anabadi, sindikana, ndipo chilango anamaliza. Koma kwathu kuno ku Kabudula chilango sichitha. Nkhuku ikangosowa, maso onse pakhomo pathu.

Tsiku limenelo ndinadzuka monga mwa masiku onse, mwana kumsana, n'kusesa pabwalo mpaka kunjira. Ndisanaike tsache pansi ndinamva wezulo. Achitetezo a m'mudzi, zibonga m'manja, akubwera chowerama, akutsata mapazi a mbuzi ya munthu wina imene inasowa usikuwo. Patsogolo panali amalume anga enieni, ankhoswe a ukwati wanga womwewu.

Mapazi aja anathera pamene panayambira tsache langa.

"Iwe, wasesa bwanji m'mamawa chonchi?" anatero amalume.

"Amalume, kodi ndayamba lero kusesa?"

"Taonani ukhondo wa akazi a mbava!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Umafufuta mapazi, eti?"

Anthu anaseka. Kenaka sanasekenso. Anawatulutsa amuna anga m'nyumba opanda malaya, n'kuwamanga ndi chingwe pa nsanamira ya chigafa chathu cha fodya. Wina anatchula petulo. Ndinamva ndi makutu angawa. Mwana akulira, ine maso pa manja a aliyense, uyu wagwira chiyani, uyo wazungulira kuseri akukatenga chiyani. Anakutumula mphasa, anafukula kudzala kufuna chikopa, ananunkhiza ngakhale mapoto anga. Nyama sanaipeze. Anawamenyabe, akuti kuti akumbukire, mpaka dzino linagwa pansi pomwe ndinasesapo.

Mbuziyo sinapezeke mpaka lero, ndiye kwa iwo mlandu ulipobe.

Kuyambira pamenepo sindigwira tsache mpaka dzuwa litakwera, aliyense atadutsa n'kuona pansi ndi maso ake. Zitosi za nkhuku, makoko a mtedza, zonse zimakhala pomwepo, ndipo mwana wanga amakwawa momwemo, kutola n'kuika mkamwa. Azimayi pamjigo ayamba kale: "Uve wakewo, mtsikana wamng'ono ngati ameneyu!" Oyambitsa ndi akazi a amalume.

Anene. Ndikasesa ndine wakuba, ndikasiya ndine wauve. Ndasankha uve, chifukwa mwamuna wa mkazi wauve samuthira petulo. Koma tsiku lina amalume adzafika pakhomo pano kudzapempha madzi akumwa. Madzi ndidzawapatsa, ndidzagwada. Mphasa ayi. Adzakhala pa zitosi zomwezo.